Abambo akumva kuwawa m'katumba akamayenda, CRP yatuluka 6.8. Kodi mitsempha yatseka?

Mlongo_wa_Atatu:
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Abambo anga ali ndi zaka 64, akhala ndi shuga kwa nthawi yaitali ndipo amamwa metformin ndi glibenclamide. Chiyambire chaka chino, akayenda pang'ono katumba wa mwendo wakumanzere amawawa kwambiri mpaka aime. Akaima mphindi zochepa ululu umatha, akayambanso kuyenda umabweranso pamalo omwewo. Iwo akuti ndi nyamakazi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg anatumiza ndalama kuti tikawayezetse magazi ku labu yolipira, poti anamva kuti pali puloteni ina yotchedwa CRP imene imaonetsa ngati mitsempha ya m'miyendo ikutseka. Zotsatira zatuluka: hs-CRP 6.8 mg/L, HbA1c 9.4%. Wa ku labuyo wangoti yakwera, tikaonane ndi dokotala. Ndiye kuti mitsempha yatsekadi? Adzadulidwa mwendo? Amayi sakugona nayo nkhaniyi.

Gogo_Lunzu:
Pepa mwanawe. Uwauze amayi ako mtima pansi, pepala lokha silidula munthu mwendo. Koma musakhale nazo pakhomo.

Kabaza_Area25:
Awiritseni masamba a chamwamba ndi adyo azimwa m'mawa ndi madzulo, magazi amayera. Malume anga anathandizika nazo.

NamwinoWopuma:
A Mlongo, ndisanayankhe za pepalalo ndifunse kaye. Chiyambireni kudandaula, alipo amene anawavula nsapato ndi masokosi n'kugwira mapazi awo? Phazi lakumanzerelo likuzizira kuposa linzake? Ubweya wa pamsongolo ulipo kapena unathothoka? Pali kabala pakati pa zala kapena pachidendene? Amasuta? Usiku akagona phazi limawawa?

Mlongo_wa_Atatu:
Amayi NamwinoWopuma, palibe amene anawagwirapo mapazi. Kukiliniki amangoyeza shuga wa pachala ndi BP, n'kulemba mankhwala m'kabuku. Ndangowayang'ana tsopano lino: phazi lakumanzere ndi lozizira ndithu, khungu lake likunyezimira, bala palibe. Usiku sadandaula. Fodya amasuta, wopichira okha uja, kuyambira ali mnyamata.

NamwinoWopuma:
Zimene mwalongosolazi zikunena zambiri kuposa 6.8 wa papepalayo. Ululu wa m'katumba wobwera poyenda, wotha msanga munthu akaima, n'kubweranso akayenda mtunda womwewo, ndi chizindikiro chodziwika cha magazi osafika mokwanira m'mwendo. Nyamakazi imakonda m'mfundo, m'bondo kapena m'chiuno, imalimba m'mawa, ndipo simangotha chifukwa munthu waima mphindi ziwiri. Onjezani shuga wa zaka zambiri, fodya ndi phazi lozizira, ndiye abambo akufunika kuonedwa bwino sabata ino. Chosangalatsa n'chakuti bala palibe ndipo usiku sakumva ululu. Anthu ambiri amene ali pamenepa sadulidwa mwendo akasamalidwa.

WaLabu_KK:
Ine ntchito yanga ndi ya mu labu, ndiye ndilongosole za CRP. Ndi puloteni imene chiwindi chimapanga thupi likakhala ndi kutupa kwa m'kati, kulikonse kumene kutupako kuli. Chimene chimauza chiwindi kuti chiipange ndi kapuloteni kena kotchedwa IL-6. Mawu oti hs kutsogoloko angotanthauza kuti makina ake amatha kuona ngakhale yochepa kwambiri. Madokotala a mtima ku America anagawa motere mu 2003: yosafika 1 mg/L chiopsezo cha matenda a mtima ndi mitsempha n'chochepa, 1 mpaka 3 n'chapakati, yoposa 3 n'chachikulu. Ikaposa 10 timaganiza kaye za matenda ena amene munthu akudwala panthawiyo, n'kudzayezanso pakapita masabata awiri.

Ndiye 6.8 ndi yokwera, inde. Koma CRP ili ngati utsi umene mwauona patali: mwadziwa kuti kwinakwake kukuyaka, koma simunadziwe kuti ndi nyumba ya yani. Malungo amaikweza. TB imaikweza. Dzino lobooka, chimfine, matenda a m'chikhodzodzo, kunenepa, HIV, fodya, ngakhale shuga yemweyo. Kuno kwathu zinthu zimenezi n'zochuluka, choncho pepala la CRP palokha silingakuuzeni kuti mtsempha wa mwendo wakumanzere wachepa. Palibe magazi amene tingayeze lero n'kunena kuti munthu uyu mitsempha yake ya m'miyendo yatseka.

MwanaWaKuLeeds:
A WaLabu, mukuchepetsa kwambiri. Kafukufuku alipo ndithu. Paul Ridker ndi anzake ku Boston anasunga magazi a madokotala aamuna athanzi, n'kuwatsatira zaka. Mu 1998 anaonetsa kuti amene pambuyo pake anadwala mitsempha ya m'miyendo anali ndi CRP yokwererapo kale, matenda asanaoneke. Ku Scotland, Edinburgh Artery Study inatsatira anthu 1,592 a zaka 55 mpaka 74 kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo inapeza kuti IL-6, CRP ndi fibrinogen, puloteni yothandiza magazi kuundana, zikakwera matendawa amakula msanga. Achimwene a ku Johannesburg sanalakwitse kutumiza ndalama.

WaLabu_KK:
Sindikutsutsa kafukufukuyo, mlongo wanga. Koma taonani zimene akunena: pa gulu la anthu chikwi, amene CRP yawo ndi yokwera amadwala ambiri kuposa anzawo. Zimenezo n'zolosera za gulu. Funso la a Mlongo ndi la munthu mmodzi amene katumba akumuwawa lero. Pamenepo tikufuna kuyeza mwendo weniweniwo. Komanso anthu a ku Boston ndi Edinburgh aja sankadwala malungo kawirikawiri ngati ife.

MwanaWaKuLeeds:
Pa malungopo ndavomera. Koma ndikukanabe kuti ndalama zinapita pachabe. HbA1c ija nayonso ndi puloteni ya m'magazi, ndipo yatiuza zoona zenizeni.

WaLabu_KK:
Apo ndiye tagwirizana. Pa ziwirizo, imene ikundidetsa nkhawa ndi 9.4%. HbA1c ndi hemoglobin, puloteni yofiira ya m'magazi, imene shuga wamatirirapo. Imaonetsa mmene shuga wakhalira miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, osati lero lokha. Kwa akuluakulu ambiri timafuna ikhale cha m'ma 7%. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain, UKPDS, amene anayamba mu 1977 ndi anthu oposa 5,000 a shuga wa mtundu wachiwiri, anapeza kuti HbA1c ikakwera ndi 1%, chiopsezo cha matenda a mitsempha ya m'miyendo chimakwera ndi 28%. BP ya pamwamba ikakwera ndi 10, chiopsezo chimakwera ndi 25%. Chenjezo limodzi: munthu wochepa magazi, wa sickle cell, kapena amene wangoikidwa magazi, HbA1c yake ikhoza kunama.

Mphunzitsi_Ntcheu:
Abale, mwatitaya ena ife. Ngati magazi sanena, nanga chimene chimanena n'chiyani? Tiuzeni dzina lake kuti tikafika kuchipatala tikapemphe.

Kilinikala_Boma:
Aphunzitsi, choyamba ndi manja. Pali malo awiri paphazi pamene mtsempha umamveka kugunda: pamwamba pa phazi, molunjika pakati pa chala chachikulu ndi chinzake, ndiponso kuseri kwa fupa la kakolo mbali ya m'kati. Tikagwira osamva kanthu, tayamba kukayikira.

Chachiwiri chimatchedwa ABI. Wodwala amagona chagada mphindi 10. Timayeza BP m'mikono yonse iwiri, kenaka timamanga lamba wa BP pamwamba pa kakolo n'kumvetsera mtsempha wa kuphazi ndi kamakina kakang'ono ka Doppler. Nambala ya kuphazi timaigawa ndi ya kumkono imene ili yokwera. Mwachitsanzo kuphazi 105, kumkono 150, ABI ndi 0.7. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 1.0 ndi 1.4. Ikakhala 0.9 kapena kutsika apo, mitsempha yachepa. Palibe kubaya, palibe kutenga magazi.

Koma kwa anthu a shuga pali msampha. Shuga wa nthawi yaitali, makamaka impso zikayamba kufooka, amaumitsa khoma la mtsempha ndi calcium, moti lamba wa BP amalephera kuufinya. Nambala imatuluka yokwera, yoposa 1.4, kapena yooneka yabwino pamene mwendo ukuvutika. Zikatero timayeza pachala chachikulu cha kuphazi, poti timitsempha ta m'chala sitiuma kawirikawiri. Ya pachala tikaigawa ndi ya kumkono n'kutuluka yosafika 0.7 ndiye pali vuto. Doppler sapezeka m'zipatala zazing'ono zambiri, choncho pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma kapena chachikulu. Koma kugwira mapazi kokha kungachitike paliponse.

MaiAKuZomba:
Ndiye n'chifukwa chiyani satigwira? Ine ndakhala ndikupita kukiliniki ya shuga zaka zonsezi, palibe anandiuzapo kuti vulani nsapato.

Kilinikala_Boma:
Amayi, sindikana. Mzere umakhala wautali, ogwira ntchito ochepa, ndipo timathamangira shuga ndi BP. Si chifukwa chokwanira, poti munthu aliyense wa shuga ayenera kuonedwa mapazi kamodzi pachaka, ndipo amene ali ndi vuto kale pafupipafupi. Langizo langa: mukalowa m'chipindamo, vulani nsapato musanakhale pansi n'kunena kuti ndioneni mapazi. Amene wakhala kuseri kwa tebulo sangakane.

Wa_Ndodo_Ziwiri:
Ndilankhule ine amene ndilibe mwendo umodzi. Ine ululu wa m'katumba umenewo sindinaumvepo. Mapazi anga anali ndi dzanzi kale, ndinkangomva kuyaka usiku basi. Nsapato yatsopano inandipweteka pachala chaching'ono, kabala kakang'ono kwambiri. Achibale anandipititsa kwa asing'anga, ananditemera mphini kuzungulira kakolo kuti magazi oipa atuluke. Mphinizo sizinapole. Chala chinada, kenaka phazi, fungo linayamba. Pofika kuchipatala chachikulu anati magazi safika bwino kumusi kwa bondo, n'kudula. A Mlongo, chonde, lumo lisayandikire mwendo wa abambo anu. Ndipo inu nonse amene mukuti miyendo yanga siwawa ndiye ndili bwino, dzanzi limabisa.

Gogo_Lunzu:
Ambuye akulimbitseni achimwene. Mwatithandiza polankhula.

NamwinoWopuma:
Zimene anena a Wa_Ndodo_Ziwiri muzimve bwino. Shuga amawononga zinthu ziwiri m'mwendo: mitsempha ya magazi ndi minyewa yomvera. Minyewa ikafa, chenjezo la ululu silibwera, ndipo munthu amayamba kudziwa ndi bala losapola. N'chifukwa chake timayeza dzanzi ndi kaulusi ka nayiloni kaja ka magalamu 10, kukhudza pansi pa phazi munthu atatsinzina. Ndionjezepo: nyengo yozizira musamaothe mapazi pa mbaula, musamawathowe ndi madzi otentha. Mukhoza kupsa osamva. Kutumulani nsapato musanavale, mungakhale kamwala. Osayenda opanda nsapato ngakhale pabwalo. Matekenya kapena chikhadabo cholowa m'mnofu, osazikumba nokha ndi phini.

Kabaza_Area25:
Koma chamwamba chija mwachinyalanyaza. Si mankhwala enieni?

NamwinoWopuma:
Adye ngati ndiwo, ndi masamba abwino. Koma sichitsegula mtsempha umene wachepa, ndipo asasiye mapilitsi chifukwa cha icho.

MaiAKuZomba:
Poti takamba za ndiwo, ine nsima yoyera ndinasiya, ndimadya ya mgaiwa. Koma shuga sakutsika kwenikweni. Ena akuti ndiyese ya mapira kapena kondowole.

Mphunzitsi_Ntcheu:
Kondowole ayi amayi, chinangwa chimakweza shuga msanga. Ine chimene chinandithandiza ndi kuchepetsa mitanda. Mgaiwa womwewo ukadya mitanda itatu shuga akwera basi. Mtanda umodzi, ndiwo zamasamba zambiri, nyemba kapena usipa.

MaiAKuZomba:
Mtanda umodzi munthu n'kupita kumunda? Aphunzitsi inu mumagwira choko, ife timagwira khasu.

Mphunzitsi_Ntcheu:
N'zoona amayi, wa khasu sangafanane ndi ine. Koma yesani kugawa: pang'ono m'mawa, pang'ono masana, m'malo modya yambiri kamodzi madzulo n'kukagona.

Woyang'anira_Gulu:
Nkhani ya nsima ili ndi malo ake, tiipitirize kumeneko. Pano tibwerere ku miyendo ya abambo.

Mkamwini_Durban:
Ine ndifunse za mapuloteni ena. Dokotala wanga kuno anandiyeza cystatin C komanso albumin ya mumkodzo, akuti zimakhudzana ndi mitsempha. Zikukhudzana bwanji, poti ndimaganiza kuti zimenezo ndi za impso?

WaLabu_KK:
N'za impso ndithu. Cystatin C ndi kapuloteni kamene thupi limapanga nthawi zonse ndipo impso zimakasefa. Impso zikafooka kamachuluka m'magazi. Albumin ndi puloteni imene iyenera kukhala m'magazi, ikayamba kudontha mumkodzo ndiye kuti timitsempha ta mu impso tawonongeka. Timawerenga kuti yayamba kudontha ikafika 30 mg/g. Kugwirizana kwake n'kwakuti shuga sasankha malo. Akawononga mitsempha ya mu impso, nthawi zambiri ya m'maso, mumtima ndi m'miyendo yakhudzidwanso. Pali inanso, beta-2 microglobulin, imene ofufuza a ku Stanford anapeza mu 2007 kuti imakwera mwa anthu a vuto la mitsempha ya m'miyendo. Koma imakweranso impso zikafooka ndiponso mwa anthu amene ali ndi HIV, ndiye vuto ndi lomwe lija la CRP. Mukandifunsa kuti pa ndalama zochepa tiyeze chiyani, ndinganene HbA1c, creatinine woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, mkodzo ndi mafuta a m'magazi. Zimenezi zikatuluka, dokotala amasintha mankhwala.

MwanaWaKuLeeds:
Nanga tikatsitsa CRP yo, mitsempha sichira?

WaLabu_KK:
CRP si imene ikuwononga mtsempha. Ku Copenhagen mu 2008 anaona anthu amene anabadwa ndi chibadwa chopanga CRP yambiri moyo wawo wonse, ndipo sankadwala mitsempha kuposa anzawo. Zofanana zinachitika ndi homocysteine, chinthu china cha m'magazi chimene ankachiganizira kuti chimawononga mitsempha: anthu anapatsidwa folic acid ndi mavitamini a B, nambala inatsika bwinobwino, koma matenda a mtima sanachepe. Choncho tisathamangitse nambala. Abambowa akasiya fodya, shuga n'kutsika, n'kuyamba statin, mankhwala otsitsa mafuta a m'magazi, CRP idzatsika yokha pambuyo.

Kilinikala_Boma:
Ndipo mankhwala ake si achilendo. ABI ikatsimikiza, timapereka statin, monga atorvastatin kapena simvastatin, ngakhale mafuta a m'magazi asaoneke okwera. Timapereka aspirin wa 75 mg kapena clopidogrel kuti magazi asaundane m'mitsempha, titafunsa kaye ngati munthu alibe zilonda za m'mimba. Timatsitsa BP. Ndi 9.4% pa mapilitsi awiri, mwina nthawi ya insulin yakwana, asaiope. Chifukwa chimene timalimbikira chonchi si mwendo wokha. Munthu amene mitsempha ya m'miyendo yachepa, choopsa chachikulu kwa iye ndi mtima ndi sitiroko, poti mafuta amene aunjikana m'mwendo aunjikananso kwina. Koma pa zonsezi palibe choposa kusiya fodya.

Mlongo_wa_Atatu:
Fodyayo ndiye nkhondo. Akuti wopichira okha alibe mankhwala a kufakitale, ndiye savulaza. Ine mwana wamkazi sindingawakalipire.

Gogo_Lunzu:
Osawakalipira. Pita kwa atsibweni ako kapena mnzawo wa kutchalitchi amene amamumvera, akakhale nawo pansi. Mwamuna wamkulu samva kwa mwana, amamva kwa mnzake.

Wa_Ndodo_Ziwiri:
Ngati angalole, muwawerengere zimene ndalemba pamwambapo. Inenso ndinali wa chingambwe. Fodya ndi fodya.

Chisomo_cha_Mawa:
Ine ndimamwa ma ARV komanso ndili ndi shuga. Kodi ma statin amenewo ndi oyenera kwa ife?

Kilinikala_Boma:
Inde, koma dokotala adziwe ma ARV amene mukumwa. Simvastatin sayenderana ndi mankhwala okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir, poti amachuluka m'magazi n'kupweteka minofu. Amene ali pa dolutegravir vuto limenelo alibe, koma dolutegravir amakweza mlingo wa metformin m'thupi, ndiye mlingo wa metformin uyenera kuonedwa. Muzinyamula mabuku onse awiri kukiliniki iliyonse.

Kabaza_Area25:
Ndiye abambowo apume, asamayendeyende, mwendo ungathere panjira.

NamwinoWopuma:
Iyayi achimwene, pamenepo ndiye pamene ambiri amalakwitsa. Kwa munthu ngati abambowa, wopanda bala komanso wosamva ululu akagona, kuyenda ndi mankhwala. Ayende mpaka katumba ayambe kuwawa ndithu, aime, ululu ukatha ayambenso. Azichita zimenezi mphindi 30 mpaka 45, katatu pa sabata, kwa miyezi itatu osadukiza. Minofu imaphunzira kugwira ntchito ndi magazi ochepa, ndipo mtunda umene amayenda umatalika. Asankhe njira yosalala, avale nsapato yotseka ndi masokosi, akabwerako ayang'ane mapazi. Poti amamwa glibenclamide, asayende ndi njala, ndipo atenge kasiwiti m'thumba, shuga angatsike mwadzidzidzi. Koma ayambe ataonedwa kaye, pamodzi ndi mtima.

Mkamwini_Durban:
Kuno ena amawaika kachubu kotsegula mtsempha kapena kulumikiza mtsempha wina. Abambowa sangafunike zimenezo?

Kilinikala_Boma:
Zimenezo timaziganizira ngati kuyenda ndi mankhwala zalephera, kapena ngati mwendo uli pangozi: bala losapola, chala chakuda, ululu munthu atangokhala. Kwa a shuga vuto limakonda mitsempha yaing'ono ya kumusi kwa bondo, imene ndi yovuta kukonza, ndipo madokotala a opaleshoni ya mitsempha kwathu kuno ndi ochepa kwambiri. N'chifukwa chake timalimbana kuti munthu asafike pamenepo.

Nachisale_wa_Mponela:
Ndakhala ndikungowerenga koma tsopano mantha andigwira. Apongozi anga aakazi ali ndi shuga. Iwo sadandaula poyenda poti sayenda kwambiri. Koma usiku zala za kuphazi zimawawa mpaka amadzuka n'kulendewetsa mwendo m'mphepete mwa bedi, akuti akatero zimaleka. Masiku ano amagona atakhala pampando. Pachidendene pali bala limene latha mwezi, timangotsuka ndi madzi a mchere. Ndimafuna ndisonkhe ndalama ya CRP yo kaye. Tsiku lawo la kukiliniki ndi mwezi wamawa.

NamwinoWopuma:
A Nachisale, za CRP zisiyeni, ndalamayo ikhale ya galimoto. Ululu wa usiku umene umaleka mwendo ukalendewera ukusonyeza kuti magazi akulephera kufika kuzala ngakhale munthu atangogona. Pamodzi ndi bala la mwezi wathunthu, mwendo umenewo uli pangozi. Musadikire tsiku la kukiliniki. Mawa m'mawa muwatengere kuchipatala cha boma, mukanene mawu omwe mwalemba panowa, ndipo mukapemphe kuti agwire mitsempha ya kuphazi ndi kuona kuzama kwa balalo. Usiku uno phimbani balalo ndi nsalu yoyera youma, osathira mankhwala a zitsamba, osathowa, asapondere chidendenecho.

Kilinikala_Boma:
Ndikugwirizana nawo amayi. Ndipo ngati usiku uno thupi litatentha, phazi litatupa n'kufiira kukwera m'mwamba, kapena mwendo utazizira mwadzidzidzi n'kuyera kapena kuchita dzanzi osatha kugwedeza zala, musadikire kuti kuche. Mtsempha ukatsekeka mwadzidzidzi, minofu imayamba kufa pakangotha maola pafupifupi 6. Mutenge kabuku kawo ndi mankhwala onse amene akumwa.

Nachisale_wa_Mponela:
Ndamva. Ndikuwaimbira amuna anga tsopano kuti apeze galimoto ya m'mawa.